Tchopa Tavina, Nanga Mlandu wa Malo Autenga Ndani?

Chaka ndi chaka, mwezi wa Okutobala ukafika, pamene nthaka yauma gwa ndipo alimi ayamba kuyang'ana kumwamba, malole ndi maminibasi amanyamuka pa Goliati kuno ku Thyolo atadzaza anthu ovala nsalu ya mtundu umodzi, ulendo wa kwa Chonde m'boma la Mulanje, kumene Mulhako wa Alhomwe umachitira chikondwerero chake. Ndipo ine, amene ndilibe chifukwa ndi ng'oma, ndinena poyera kuti amachita bwino kupitako, pakuti mtundu umene kwa zaka zambirimbiri unkaitanidwa ndi dzina lachipongwe, kufikira ana ake anayamba kubisa chiyankhulo cha amayi awo akakhala pagulu, uli nawo ufulu wonse wovina tchopa dzuwa likuswa mtengo, mafumu ndi nduna za boma zikuonerera. Koma ng'oma zikaleka, malole omwewo amakatula anthu aja m'midzi mmene mwana angathe kuponya mwala kuchokera kumalire ena a munda wa banja lonse n'kukagwera kwa eni ake, mmene ana aakazi awiri a mimba imodzi amakasumirana kwa mfumu chifukwa cha mzere umodzi wa chinangwa, ndi mmene khasu lakwera phiri mpaka pamwamba penipeni, pamene makolo ankasiyira anyani.

Funso langa tsono, limene ndiliika pamaso pa akuluakulu a bungweli mwaulemu wonse, chipewa chili m'manja, ndi ili: Mulhako, umene unabadwa mu 2007 mwa nzeru za malemu Bingu wa Mutharika, mwana wa kwa Kamoto konkuno, ndipo lero uli ndi mafumu, maloya, aphunzitsi a sukulu zaukachenjede ndi eni chuma pakati pake, unadzera kudzasunga gule yekha, kapena kudzasunga anthu ovina guleyo? Kwathu kuno, kumene munda umatsata mwana wamkazi, timawadziwa amalume amene amafika pa ukwati atavala jekete, nalandira mpando wakutsogolo ndi chiwindi cha mbuzi, koma tsiku limene mbumba yawo yaitanidwa kubwalo pa mlandu wa malire amatumiza mawu akuti mwendo ukuwawa. Oterewo timawapatsabe ulemu chifukwa ndi akulu, koma sititi ndiwo eni mbumba.

Kuti zimene ndikunenazi zisamveke ngati maloto a chumba, tiyeni tiwoloke nyanja tikaone anthu ena amene analawa chikho chonga chathu. Ku Ecuador, m'mapiri a Andes ndi m'nkhalango za Amazon, kuli anthu a mtundu wa Kichwa, amene makolo awo analandidwa dziko ndi atsamunda a ku Spain, nasanduka alendo pa nthaka yomwe anabadwirapo. Kumeneko kunali mchitidwe wotchedwa huasipungo: mwini munda waukulu ankadulira banja kamunda kakang'ono kuti lizilimapo, ndipo banjalo linkalipira ndi thukuta lake masiku ambiri pa mlungu, mbadwo ndi mbadwo. Munthu wa ku Thyolo safuna womumasulira, chifukwa limeneli ndi thangata lenileni. Lathu linathetsedwa ndi lamulo mu 1962, lawo mu 1964. Tinatuluka m'goli pafupifupi tsiku limodzi, koma njira zimene tinatenga pambuyo pake zinasiyana kutali.

Iwo anali atayamba kale kumanga. Mayi wina dzina lake Dolores Cacuango, wobadwira m'ukapolo womwewo ku Cayambe, amene sanapondeko m'kalasi ali mwana, anali mmodzi wa oyambitsa chitaganya cha eni dziko mu 1944, ndipo anatsegula sukulu zophunzitsa ana m'chiyankhulo chawo pamodzi ndi Chisipanishi, eni minda akukukuta mano. Mu 1972 midzi ya Akichwa a kumapiri inalumikizana m'bungwe la ECUARUNARI, ndipo mu 1986 mabungwe a kumapiri, a kunkhalango ndi a kugombe anakumana pansi pa denga limodzi lotchedwa CONAIE. Mamangidwe ake ndiwo ofunika kuwapenyetsetsa: mudzi uli ndi bwalo lake, midzi imasankha oiyankhulira m'chigawo, zigawo zimasankha a dziko lonse, kotero kuti mtsogoleri wa pamwamba amadziwa kuti mpando wake unachokera pansi, ndipo a pansiwo angathe kuutenganso. Mu Juni 1990, nyengo ya chikondwerero chawo cha dzuwa, anatseka misewu ya dziko kufikira boma linakhala nawo pansi. Mu Epulo 1992 anthu a ku Pastaza anayenda wapansi kuchokera kunkhalango kukafika ku likulu la Quito, nabwerako ndi zikalata za umwini wa malo oposa mahekitala miliyoni imodzi. Ndipo pamene boma linapereka nthaka ya mudzi wa Sarayaku kwa kampani yofufuza mafuta ya ku Argentina osawafunsa eni ake, kampaniyo n'kukwirira mabomba ophulitsira nthaka m'nkhalango yawo, anthu a mudzi umodzi wokhawo anautsata mlanduwo zaka pafupifupi khumi, mpaka khoti loona za ufulu wa anthu la maiko a America linagamula mu 2012 kuti boma la Ecuador linalakwa. Anthu amenewa amavina, amavala zakwawo, amaphunzitsa chiyankhulo chawo. Koma bungwe limene limakonza gule ndi lomwelo limene limasunga mapu ndi kulemba ntchito maloya.

Mlandu wathu ife si wochepa kuposa wawo, ndipo mboni zake zinalembedwa ndi atsamunda eni ake. Dziko lino litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston anayamba kupereka kwa azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikiza kuti malo amene ankati anagula kwa mafumu ndi awodi. Anagula ndi chiyani? Ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, kwa mafumu amene mwa mwambo wathu anali osunga nthaka chabe, opanda mphamvu yoigulitsa, monga Naboti wa ku Yezreeli anadziwira pamene mfumu Ahabu inamulonjeza mtengo wabwino wa munda wake wamphesa, iye nakana chifukwa chinali cholowa cha makolo. Mzungu mmodzi, Eugene Sharrer, anatenga maekala oposa 360,000, ndipo malo ake, kuphatikizapo a kuno ku Thyolo, anadzalowa m'manja mwa British Central Africa Company. M'zikalata zambiri munali mawu akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe. Ndipo mu 1903 woweruza Nunan, pa mlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa, ananenetsa kuti anthu opezeka pamalopo sayenera kulipira lendi kapena kuchotsedwa.

Apa mpamene ndifuna kuti Alhomwe ndi Amang'anja atchere khutu limodzi. Pa nthawi yomweyo makamu a Alhomwe anali kuwoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhondo, njala ndi nkhanza za Apwitikizi. Ndipo popeza iwo anali obwera, mawu oteteza aja sanali kuwakhudza. Eni minda anawalandira ndi manja awiri, osati chifukwa cha chifundo, koma chifukwa munthu wopanda kobwerera sakana ntchito. Mwezi umodzi ankagwirira lendi, mwezi wina msonkho wa nyumba, ndipo miyezi imeneyo inkagwa nthawi ya dzinja, pamene munda wake womwe ukufuna khasu. Tikiti ikapanda kulembedwa tsikulo lapita pachabe, mwezi n'kutalika monga afunira kapitawo, ndipo ngakhale akazi amasiye sanasiyidwe. Posakhalitsa eni minda anayamba kunena kuti sangathenso kusiyanitsa wobadwira pamalo ndi wobwera, nawaika onse m'goli limodzi. Kugawa anthu kuti uyu ndi mwini nthaka, uyu ndi mlendo, chinali chida cha mtsamunda. Ndipo aliyense amene lero angaimike mlandu wa malo a ku Thyolo ngati wa mtundu umodzi wokha adzakhala akunola chida chomwecho. Chilembwe ataukira mu Januwale 1915, pa anthu amene anapita ku Magomero panali Ayao, Alhomwe ndi Anyanja. Mu Ogasiti 1953, dziko litatupa kale ndi nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mkangano umene unayambira pa malalanje a pa esiteti ya Mangunda konkuno unayatsa moto m'maboma oyandikana. Anthu anagwetsera mitengo m'misewu nadula mawaya a lamya, ndipo 11 anaphedwa. Zipolopolo sizinafunse kuti wakufayo ankavina tchopa kapena gule wamkulu.

Boma lachitsamunda, litalandira lipoti la Sidney Abrahams la 1946, linagulako malo ena n'kukhazikapo anthu, ndipo ufulu unabwera mu 1964. Koma malire a minda ya tiyi anakhala pomwe anali, ndipo lamulo la malo la 1965 linawalemekeza. Malo ena amene azungu anasiya anagwera m'manja mwa akuluakulu akuda, amene anaphunzira msanga kuti mpanda ndi wokoma ukakhala mkati mwake. Anthu okha ndiwo anachuluka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo lokha. Pitani mmamawa m'mphepete mwa esiteti iliyonse mukaone: mbali ino tiyi wobiriwira wometedwa bwino, akazi atamanga mapepala apulasitiki m'chiuno kuopa mame, dengu kumsana, manja onse awiri akuthyola nsonga, maso ali kwa kapitawo ndi sikelo yake, mbali inayo, kungodumpha ngalande, chimanga chofiirira chothinana ndi nandolo, mbatata ndi manda. Pakati pa ziwirizi pali nkhalango ya bulugamu yowotchera tiyi kufakitale, mmene mayi wotola nkhuni amalowa akuyang'ana uku ndi uku kuopa alonda.

Sindikunena kuti palibe chimene chinayesedwa. Pakati pa 2004 ndi 2011 panali ntchito ya Kudzigulira Malo, ya ndalama za World Bank, imene inathandiza mabanja pafupifupi 15,000 kupeza minda, ena a ku Thyolo ndi Mulanje n'kusamukira ku Machinga ndi Mangochi. Amene anapindula, anapindula, ndipo sindiwachitira kaduka. Koma taonani nzeru yake: malo atachepa pafupi ndi esiteti, anasamutsidwa ndi anthu, kusiya manda a makolo awo, ndipo funso la mwini nthaka silinakhudzidwe n'komwe. Kenaka panadzuka People's Land Organisation ya Vincent Wandale, imene inafuna kuti malo ogona a m'maesiteti apatsidwe kwa anthu, kuti eni minda alipire mapaundi 65 pa ekala pa chaka kuyambira 1914, ndi kuti thukuta la thangata lilipidwe. Anthu osauka zikwizikwi anamutsata, chifukwa anatchula bala limene ena onse ankaliphimba ndi nsalu. Koma mlandu wabwino unagwera m'manja mwa munthu mmodzi. Iye analengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko loima palokha, anthu analowa m'munda wa Conforzi mu 2016, apolisi anabwera, khoti linamupeza wolakwa, ndipo a m'tauni anaseka mpaka misozi. Anaseka munthuyo, nayesa kuti aseka mlandu womwe. Akuluakulu anati mlandu suola. Ndipo kulephera kwa Wandale sikutsimikiza kuti anthu analibe chonena, koma kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika pamene palibe bungwe la mizu loigwirizira. Nanga ophunzira athu, amene akanatha kuusula mlanduwo kuti uime m'khoti, anali kuti? Anali pa mipando yakutsogolo.

Chimodzimodzi pamene akazi 36 ogwira ntchito m'minda ya tiyi anadandaula za kugwiriridwa ndi kuchitidwa zachipongwe pantchito, amene anawanyamulira mlandu anali maloya a ku London, a Leigh Day, ndipo mu 2021 kampani ya Camellia, mwini wa Eastern Produce Malawi, inavomera kulipira mapaundi 2.3 miliyoni popanda kuvomera kulakwa. Alongo athu anakapeza owaimira kutsidya kwa nyanja, m'dziko la eni esiteti, ife alongo awo tili pompano.

Ndikudziwa zimene adzandiyankhe, ndipo zina mwa izo n'zolemera. Adzati ndikuitana kulanda minda konga kwa ku Zimbabwe kwa chaka cha 2000, kuti tiyi amabweretsa ndalama zambiri zakunja, kuti amalemba ntchito anthu pafupifupi 50,000 nyengo yokolola, ndi kuti tsamba likathyoledwa liyenera kufika kufakitale tsiku lomwelo, apo ayi lawonongeka. Zonsezi n'zoona, ndipo ndiwonjezapo chimene iwo aiwala: ngakhale tikanazula tiyi yense n'kugawana nthakayo ndi chingwe, sikanakwanira anthu a boma lino, ndipo pakutha pa mbadwo umodzi tikanabwerera pomwe tili, ntchito itatha. Wozula tiyi ndi mdani wa mayi wa dengu uja. Koma pakati pa kuzula tiyi ndi kukhala chete pali mtunda wautali, umene bungwe lanzeru likanayendamo. Ku Kenya tiyi woposa theka amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono, amene alinso eni mafakitale kudzera m'bungwe lawo la KTDA. Kuno, ngakhale Smallholder Tea Authority inakhazikitsidwa kale mu 1967, alimi ang'onoang'ono amakolola pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi, ndipo ambiri amagulitsa tsamba lawo kwa esiteti yomweyo pa mtengo umene sanauike okha. Pali malo amene sanabzalidwe kanthu zaka zambiri. Pali njira zakale zopita kumadzi ndi kumanda. Pali nkhani ya nkhuni, ya malipiro, ya magawo a umwini m'makampani. Ogwira ntchito, kudzera m'bungwe lawo la PAWU, anasainirana pangano loyamba la malipiro ndi Tea Association of Malawi mu 2016, ndipo thambo silinagwe. Ngati antchito anatha kukhala pa tebulo, midzi yozungulira ilephereranji?

Adzatinso Mulhako ndi wa chikhalidwe, si wa ndale. Mawu amenewa ndikanawalemekeza koposa ndikanakhala kuti sindinaonepo mitundu ya chipani pa misonkhano ya chikhalidwe m'dziko muno, kwa Alhomwe ndi kwa ena omwe. Koma tiyeni tiwatenge monga alili. Chikhalidwe cha Mlhomwe n'chiyani, mukachotsapo nthaka? Kalongonda amamera m'munda. Chikamwini chimafuna kuti mkazi akhale ndi malo oti mkamwini adzamangepo ndi kulimapo. Nsembe ya mvula, imene tchopa ankaviniridwa, inkaperekedwa ndi anthu okhala ndi mbewu m'nthaka. Bungwe la UNESCO linalemba tchopa m'kaundula wa chuma cha anthu onse mu 2014, ndipo tinanyadira. Koma mnyamata wa pa Goliati amene wasowa polima, nakwera basi ya ku Johannesburg kapena kukakhala pa kabaza ku Limbe, sadzaphunzitsa mwana wake gule ameneyo. Wosunga chikhalidwe osasunga munda akusunga zovala za munthu amene wasamuka.

Chimene chatimanga pakamwa, ndikuganiza ine, si mantha a mzungu, koma manyazi a pachibale. Ana a dera lino akhala pa mpando waukulu wa dziko kuyambira 2004 mpaka 2012, kuyambira 2014 mpaka 2020, ndipo anabwereraponso mu 2025. Msewu tinauona, sukulu yaukachenjede ya MUST inatsegulidwa ku Ndata mu 2014, ndipo wokana zimenezi ndi wosayamika. Koma mwana wako akakhala mfumu, umaopa kudandaula mokweza kuti adani ake angamve. Ndipo akachoka pampando, umaopanso kuti anthu adzati ukulira chifukwa mphika wachoka pamoto. Mwa njira imeneyi nyengo yabwino yolankhula sifika konse. Akichwa nawonso anapunthwa pa mwala womwewu: mu 2002 anathandiza Lucio Gutiérrez kulowa m'boma, atsogoleri awo nalandira maunduna, koma chaka chisanathe anatulukamo atakhumudwa, bungwe lawo litagawanika, ndipo zinawatengera zaka kuti achire. Anaphunzira kuti mtsogoleri wa dziko, ngakhale akhale bwenzi kapena mbale, ali ndi dziko lonse loti alisamale pamodzi ndi angongole ake, ndipo amamva bwino anthu amene ali ndi pakamwa pawopawo. Mtsogoleri wochokera pa Goliati angathandizidwe, osati kunyozedwa, ndi bungwe lomubweretsera mlandu wokonzedwa bwino, wokhala ndi mapu, mayina ndi zaka.

Pempho langa tsono si lakuti Mulhako usiye ng'oma, kapena kuti utsogolere anthu kukazika zikhomo m'minda ya eni. Ndikupempha kuti utsike pa nsanja, upite kwa mafumu a Amang'anja ndi a mitundu ina ya ku Thyolo ndi Mulanje monga mnzawo, osati monga mwini mwambo, ndi kuti pamodzi amange chitaganya cha midzi yokhudzana ndi maesiteti, chimene atsogoleri ake adzasankhidwa kumudzi, akazi ali patsogolo popeza minda yambiri kuno ndi yawo, ndipo munthu wokhala ndi udindo m'chipani chilichonse asakhale pampando. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula kale khomo, pakuti limafuna makomiti a malo kwa gulupu aliyense, theka la osankhidwa likhale la akazi. Koma komiti ya mudzi umodzi, yopanda loya ndi woyeza malo, idzangoweruza za mzere wa chinangwa uja mpaka kalekale. Zikalata za maesiteti zili m'maofesi a boma ndi m'nyumba yosungira mbiri ku Zomba, ndipo wina ayenera kukaziwerenga chimodzichimodzi, kuti tidziwe malire enieni a esiteti iliyonse, chimene chinalonjezedwa kwa midzi, ndi malo amene agona. Ana athu amene akuphunzira za sayansi ku Ndata angathe kuyeza nthaka imene amaiona pa zenera la kalasi. Maloya a mtundu uno, amene amadziwa kuteteza akuluakulu m'makhoti a ku Blantyre ndi Lilongwe, apereke chakhumi cha luso lawo kwa amayi awo.

Ndipo pali ntchito ina imene siingadikire komiti. Munthu amene anali ndi zaka 20 pamene thangata linkathetsedwa mu 1962 lero wapitirira zaka 80. Alipo ochepa m'midzi yathu amene akukumbukira dzina la kapitawo, mtengo umene unali malire, mudzi umene unasamutsidwa ndi kumene unali, chitsime chimene chinatsekeredwa mkati mwa mpanda. Ndipo maliro aliwonse amene timaika akuchepetsa mboni za mlandu umene sitinausumebe. Kulemba umboni wawo kufuna anyamata ndi atsikana owerengeka odziwa Chilhomwe ndi Chimang'anja, mafoni ojambulira mawu, njinga, ndi chilolezo cha mafumu, ndipo kungayambike kwa Chimaliro mwezi wamawa.